Kodi Njovu Ingagulire Mwana Yunifolomu?

Ndagi! "Gize" wanu ndamumva, ana anga, ndiye tcherani khutu. Kodi njovu ingagulire mwana yunifolomu ya kusukulu? Musathamangire kuseka. Zoona, njovu ilibe chikwama. Sinalowepo mu golosale, ndipo telala aliyense angaliyatse liwiro ataiona pakhonde pake. Koma ine azakhali anu ndikuti ingathe. Ku Chikwawa zikuchitika ndithu. Sunthirani kuno, tiyendere limodzi mpaka tione mmene zimakhalira.

Ulendo wathu ndi wa kuti? Ndi wa kummwera, kuchigwa cha mtsinje wa Shire. Tikanyamuka ku Blantyre, msewu umatsetsereka phiri mokhotakhota mpaka makutu kutsekeka. Tikafika pansi, thukuta lili kamukamu. Kumatentha kumeneko! Milambe ikuluikulu yangoti njo m'mbali mwa msewu. Tikayenda makilomita pafupifupi 70 kuchokera mumzinda uja, tafika pachipata cha nkhalango ya Majete. Malowa anapatulidwa mu 1955 kuti azisungirako nyama zakutchire. Kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 70,000. Chakummawa kwake kumadutsa Shire, ndipo madzi ake amachita mkokomo pa mathithi a Kapichira. Chakumpoto kuli mtsinje wina wokongola, Mkulumadzi, umene umakathira mu Shire momwemo.

Nanga tikanapita kumeneko cha m'ma 2000, tikanaona chiyani? Tsinzinani pang'ono. Yerekezani kuti mwaima pakati pa tchire. Mvetserani. Kuli zii. Palibe njovu yothyola nthambi. Palibe mkango wobangula. Zipembere zinatha kalekale. Njovu nazonso zinali zitatheratu pofika 1992. Chimene mukumva ndi nkhwangwa basi, ndipo utsi wa makala ukufuka uku ndi uku. Pofika 2003 alonda a nkhalango yonseyo anali 12 okha. Alendo odzaona nyama anali atasiya kubwera. Akanabwera kudzaona chiyani? Tsegulani maso tsopano.

Anamaliza nyamazo ndani? Anthu. Ena ankafuna minyanga kuti akagulitse kutali, ndipo amenewo linali dyera. Koma ambiri anali anthu wamba a m'midzi yozungulira. Kuchigwa cha Shire mvula ndi yanjomba. Chaka chino ng'amba, chaka chamawa madzi osefukira. Bambo akaona ana akulira ndi njala, ankatenga waya n'kukatchera msampha kuthengo. Wina ankadula mtengo n'kuwotcha makala kuti apeze ya mchere ndi sopo. Ine sindiwatcha anthu oipa, ayi. Njala ndi imene inkawatuma. Mfundo imeneyi muisunge bwino, chifukwa tiifunanso kutsogoloku.

Ndiye zinthu zinayamba kusintha liti? Mu 2003. Chaka chimenecho boma la Malawi linagwirizana ndi bungwe lotchedwa African Parks kuti azisamalira limodzi Majete kwa zaka 25. Inali nkhalango yoyamba imene bungweli linayamba kuyang'anira mu Africa muno. Tengani pensulo. Pa 2003 muonjezerepo 25. Mwapeza chaka chiti? Nanga inuyo mudzakhala ndi zaka zingati m'chaka chimenecho?

Kodi nyama zimene zinatha zinabwerera bwanji? Zinabwera pagalimoto, zina pandege! Zipembere zinafika mu 2003 momwemo. Njovu zinayamba kufika mu 2006, kuchokera ku Liwonde. Anyalugwe anafika mu 2011, mikango mu 2012. Akadyansonga, aja a makosi ataliatali, anafika mu 2018. Mu 2019 kunabwera cheetah, nyama yothamanga kuposa zonse za pamtunda. Mu 2021 kunabwera mimbulu. Panalinso njati, mbidzi, mphalapala, ntchefu ndi nswala. Mwaona kuti mikango inachedwa? Werengani zaka kuchokera 2003 kufika 2012. N'chifukwa chiyani inadikira chonchi? Chifukwa mkango sudya udzu. Anayamba adikira kuti nswala ndi mbidzi ziswane kaye, kuti mkango ukafika upeze chakudya chokwanira.

Koma azakhali, njovu imakwera bwanji galimoto? Eya, apa ndiye pamandikomera ine. Dokotala wa nyama amakwera helikopita. Ali m'mwambamo, amalasa njovu ndi jakisoni wogonetsa. Salasa imodzi yokha. Amagonetsa banja lonse: agogo aakazi amene amatsogolera gulu, amayi, azakhali ndi tiana tomwe. Njovu zimakondana kwambiri, ndipo kusiya mmodzi m'mbuyo ndi kuliza banja lonse. Pakapita mphindi zochepa, chinyama chija chimayamba kudzandira. Kenaka khu, pansi!

Ikagona amatani nayo? Anthu amathamangira pomwepo. Wina amapinda khutu lake lalikulu lija n'kuphimba diso, kuti dzuwa ndi fumbi zisalipweteke. Wina amaika kamtengo kunsonga kwa chitamba kuti chisatsekeke, chifukwa njovu imapumira m'menemo. Ena amamanga miyendo ndi malamba olimba. Ndiye chimakina chonyamula katundu chimaikweza pang'onopang'ono, miyendo kumwamba, mutu pansi. Tangoganizani! Njovu yonse ija ili lende m'malere, ikuliza mkonono. Ikalowa m'chigalimoto amaibaya jakisoni wina woidzutsa. Imadzambatuka, n'kupeza abale ake ali pomwepo. Ulendo wayambika.

Kodi zitafika ku Majete zinaswana? Kwambiri. Lero m'nkhalangomo muli nyama zikuluzikulu zoposa 12,000. Komatu njovu siswana msanga. Mayi wa njovu amakhala ndi bere miyezi 22. Werengani ndi zala: chaka chimodzi chili ndi miyezi 12, ndiye kwatsala miyezi ingati kuti zikwane zaka ziwiri? Ngakhale zili choncho, njovu zinachuluka mpaka Majete inayamba kugawirako ena. Mu 2016 ndi 2017, njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete kupita kunkhalango ya Nkhotakota, kumene zinali zitatsala zosakwana 100. Nkhalango imene inalibe njovu ndi imodzi yomwe inasanduka yopatsa anzake.

Tsopano funso lalikulu ndi ili. Nyamazi zinatha kale kamodzi, nanga chingaletse n'chiyani kuti zisatherenso? Ena mukuti mpanda. Zoona, Majete inazunguliridwa ndi mpanda wa waya wamagetsi, wotalika makilomita pafupifupi 144. Mutamayenda makilomita 4 pa ola limodzi, osapuma, mungauzungulire maola angati? Ena mukuti alonda, aja timawati agemu. Zoonanso, ndipo amagwira ntchito usana ndi usiku. Koma waya umadulika. Munthu wanjala akhoza kudula waya wa mpanda womwewo n'kupangira misampha. Alonda sangaime pamtengo uliwonse. Amene angasunge nkhalango kwenikweni ndi anthu amene amagona ndi kudzuka pambali pake.

Kodi kukhala moyandikana ndi njovu n'kosavuta? Ayi, ana anga, ndipo pano ndisakunamizeni. Njovu yaikulu ikhoza kudya chakudya cholemera makilogalamu 150 pa tsiku limodzi. Amenewo ndi matumba atatu a chimanga, aja a makilogalamu 50. Nanga zikabwera njovu 10? Matumba angati? Munda wa mapira umene amayi analima miyezi yonse ya dzinja ukhoza kutha usiku umodzi. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu, kumene mpanda sunali utazungulira nkhalango yonse. Zina zinalowa m'midzi ya ku Malawi ndi ya ku Zambia. Minda inawonongeka, ndipo anthu ena anataya miyoyo. Ndiye musamadabwe mukamva mlimi akudana ndi njovu. Kumuuza kuti "konda nyama" basi, iye alibe chodya, ndi kumuseka.

Nanga a ku Majete anachita chiyani kuti anthu ndi nyama asakhale pa udani? Choyamba, mpanda uja unathandiza kuti njovu zisamalowe m'minda. Chachiwiri, anakhala pansi ndi mafumu ndi anthu awo. M'midzi yozungulira munakhazikitsidwa magulu okambirana za nkhalango. Kumeneko anthu amanena madandaulo awo. Amanenanso zimene akufuna: mjigo, chipinda chophunzirira, kapena ntchito yoti azipezerapo ndalama. Cholinga chinali chimodzi. Munthu wa m'mudzi aone ndi maso ake kuti nyama yamoyo imamupindulira kuposa nyama yakufa.

Nyama yamoyo ingabweretse bwanji ndalama? Tiyeni tiitsatire ndalamayo phazi ndi phazi. Mlendo wamva kuti ku Majete kuli njovu, mikango, anyalugwe, njati ndi zipembere, zonse zisanu pamalo amodzi. Wanyamuka ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena ku London. Wafika pachipata, walipira. Akufuna womuyendetsa pagalimoto ndi kumuonetsa nyama, walipiranso. Madzulo akufuna pogona ndi chakudya. Wophika uja ndi wa m'mudzi wapafupi. Wochapa zofunda nayenso. Pobwerera wagula dengu, mkeka ndi botolo la uchi. Werengani: ndi anthu angati amene alandirapo kanthu chifukwa cha mlendo mmodzi? Ndipo njovu ija ikadali yamoyo. Mawa kubwera mlendo wina kudzaionanso. Njovu yophedwa imagulitsidwa kamodzi kokha. Yamoyo ikhoza kukhala zaka 60, ikuitana alendo chaka ndi chaka.

Ndiye yunifolomu ija ili pati? Tafika! Mlonda wa nkhalango akalandira malipiro pakutha pa mwezi, amagulira mwana wake yunifolomu. Wokonza mpanda amagula makope. Komanso oyang'anira Majete amalipirira sukulu ana ena a m'midzi yozungulira amene makolo awo sangakwanitse, ndipo athandiza kumanga zipinda zophunzirira. Pali ngakhale malo ogona alendo m'matenti amene phindu lake limapita kwa anthu a m'midzi. Popanda njovu, mlendo sakanabwera. Popanda mlendo, ndalamayo sikanapezeka. Ndagi yathu ija mwaimasula nokha. Ombani m'manja!

Kodi mlonda wa nkhalango amangonyamula mfuti basi? Ayi. Amawerenganso nthaka. Akaona phazi pamchenga, amadziwa nyama imene yadutsa, kumene yalowera, ngakhale kukula kwake. Nayi njira imodzi. Amazunguliza chingwe m'mphepete mwa phazi lakutsogolo la njovu. Akawirikiza chingwecho kawiri, wapeza msinkhu wa njovuyo kuchokera pansi kufika paphewa. Inunso yesani kuwerenga nthaka. Mawa mmamawa, musanasese pabwalo, yang'anani pansi. Mwapeza mapazi a mitundu ingati? A nkhuku ndi ati? A galu amasiyana bwanji ndi a mphaka? Ndikunong'onezeni: a galu amaonetsa zikhadabo, a mphaka saonetsa.

Nanga amene sanalembedwe ntchito kunkhalango amapindula bwanji? Apa pakubwera kanyama kakang'ono kwambiri. Njuchi! Anthu ambiri ozungulira Majete anaphunzitsidwa kuweta njuchi m'ming'oma yamatabwa. Amapachika ming'omayo m'mitengo. Njuchi zimalowa zokha. Sizifuna khola lomata. Sizifuna m'busa. Sizifuna madeya. Pakapita miyezi, mwini mng'oma amavala chovala chophimba thupi lonse, n'kukafula uchi. Uchiwo umasefedwa, umathiridwa m'mabotolo, ndipo umagulitsidwa ndi dzina loti Honey with Heart. Tiyerekeze kuti amayi ena ali ndi ming'oma 5, ndipo uliwonse wawapatsa mabotolo 8. Ali ndi mabotolo angati ogulitsa?

Koma uchi ukukhudzana bwanji ndi kusunga nkhalango? Ganizani bwino. Njuchi zimapanga uchi kuchokera ku timadzi totsekemera ta m'maluwa. Maluwa ambiri ali m'mitengo ya kutchire. Mtengo ukagwa, maluwa apita. Tchire likapsa, njuchi zimathawa. Ndiye munthu woweta njuchi akamva nkhwangwa kuthengo, mtima umamupweteka. Akaona utsi, amathamanga ndi nthambi zaziwisi kukazimitsa moto. Palibe amene wamutuma. Akuteteza uchi wake, ndipo poteteza uchiwo watetezanso mthunzi wa mbawala ndi chisa cha mbalame. Kale anthu ankasenda khungwa lonse la mtengo kuti apange mng'oma, mtengowo n'kuuma. Ena ankagwetsa mtengo ndi kuwotcha njuchi kuti afule uchi wa m'mphako. Mng'oma wamatabwa umakhala zaka zambiri, ndipo njuchi zake zimatsala zamoyo.

Kodi mukudziwa chimene njovu imaopa? Mwina mukuti mkango. Njovu yaikulu simuopa kwenikweni mkango. Imaopa njuchi! Khungu lake ndi lochindikala, inde. Koma kuzungulira maso, kuseri kwa makutu ndi mkati mwa chitamba ndi mofewa. Njuchi zikalowa m'chitamba, kalanga ine! Ku Kenya, mayi wina wofufuza za nyama, dzina lake Lucy King, anajambula phokoso la njuchi zokwiya. Anakaliza phokosolo pafupi ndi njovu zimene zinkapuma pamthunzi. Pafupifupi mabanja onse anathawa, ena akupukusa mitu ndi kudzithira fumbi. Anapezanso kuti njovu zili ndi kulira kwake kwapadera kochenjezana kuti kuno kuli njuchi.

Nzeru imeneyi anaigwiritsa ntchito yanji? Anapanga mpanda wa njuchi. Alimi a kufupi ndi nkhalango ya Tsavo, ku Kenya komweko, anazika mitengo kuzungulira minda yawo. Anapachikapo ming'oma motalikirana mamita 10, n'kuilumikiza ndi waya. Njovu ikabwera usiku n'kukankha waya, ming'oma imagwedezeka. Njuchi zimatuluka zili wii! Njovu imatembenuka. Atawerengera, anapeza kuti mwa njovu 10 zilizonse zimene zinkafika pampandapo, 8 zinkabwerera. Mlimi anapulumutsa chimanga, n'kupezanso uchi. Yesani kujambula munda wotere m'kope mwanu. Ngati mbali iliyonse ya munda ndi mamita 40, ndipo mbalizo ndi zinayi, mufunika ming'oma ingati?

Palinso china chimene njovu sizifuna? Chilipo, ndipo mwina chili m'khitchini mwa amayi anu. Tsabola! Mphuno ya njovu imamva fungo kuposa ya galu. Alimi ena a ku Zambia ndi a m'maiko ena amasinja tsabola, n'kumusakaniza ndi ndowe za njovu zomwezo. Amaumba njerwa, amaziyanika, ndipo usiku amaziyatsa m'mphepete mwa munda. Utsi wake njovu siziupirira. Kufupi ndi nkhalango ya Liwonde alimi ena amalima tsabola wogulitsa, chifukwa ndi mbewu imene njovu zimangoidutsa. Koma inu musayese kuwotcha tsabola pakhomo. Mungatsokomoletse mudzi wonse, ndipo agogo angabwere kudzandizenga mlandu ine.

Nanga ndiwo? Munthu amene wasiya misampha adya chiyani? Funso labwino. M'midzi ina yozungulira Majete anthu anakumba maiwe n'kuyamba kuweta nsomba. Ena amaweta mbuzi. Ena amalima masamba m'madimba othirira. Ndipo nkhalango sinatsekedwe kotheratu. Pa nyengo yake, anthu amaloledwa kulowa mwadongosolo kukamweta udzu wofolerera nyumba ndi kukadula bango ndi nsungwi. Udzu umameranso mvula ikagwa. Nsungwi zimaphukanso. Yang'anani m'nyumba mwanu. Ndi zinthu zingati zopangidwa ndi bango, nsungwi kapena mlaza? Yambani ndi lichero.

Kodi njovu nayo imabwezera chiyani kunkhalango? Imadzala mitengo! Mukudabwa? Njovu imakonda zipatso zakutchire, monga mfula ndi malambe. Imameza ndi nthangala zomwe. Kenaka imayenda mtunda wautali. Nthangala zija zimakatuluka kutali, zili mkati mwa ndowe. Ndowezo ndi manyowa okonzeka kale. Mvula ikagwa, kamtengo kamaphuka. Chilimwe chikafika pachimake, njovu imakumbanso mchenga wa mtsinje wouma mpaka kupeza madzi. Ikamwa n'kuchoka, nswala, anyani ndi mbalame zimabwera kudzamwa pachitsime chomwecho. Ndipo kunsonga kwa chitamba chake kuli tizala tiwiri. Chitamba chimene chimazula mtengo chimathanso kutola kachipatso kamodzi. Yesani inu: tolani mtedza umodzi ndi zala ziwiri zokha, maso ali chitsinzinire.

Kodi zoterezi zikuchitika ku Malawi kokha? Ayi. Abale athu a kuchigwa cha Luangwa ku Zambia, amene ambiri timamvana nawo chilankhulo, ali ndi njira yawo. Kumeneko kuli bungwe lotchedwa COMACO, limene linayamba mu 2003. Limauza osaka nyama kuti: bweretsani mfuti ndi misampha yanu, ife tikuphunzitsani ulimi, ndipo zokolola zanu tizigula pamtengo wabwino. Anthu ambiri anapereka mfuti zawo. Lero amalima mtedza, mpunga ndi soya, ndipo amaweta njuchi. Mtedzawo umaperedwa n'kukhala chiponde cha m'mabotolo, cholembedwa kuti It's Wild! Ku Mfuwe, amayi ena amatenga waya wa misampha umene alonda atola kuthengo, n'kuupinda kukhala zibangili ndi ndolo zogulitsa kwa alendo.

Nanga nzeru yosunga zachilengedwe inabwera ndi anthu akunja? Ayi ndithu. Makolo athu anali nayo kale. Pitani ku Salima. Pa nyanja ya Malawi pali chilumba chotchedwa Mbenje. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mfumu Makanjira ndi anthu ake amatseka chilumbachi nyengo ya mvula. Kuyambira mu Disembala mpaka cha mu Epulo, palibe msodzi woponya khoka kumeneko. Onse amachoka. Nsomba zimaswana mwamtendere. Tsiku lotsegula likafika pamakhala mwambo waukulu, ndipo mabwato amabwerako atadzaza utaka. Palibe mpanda wamagetsi pamadzi paja. Pali lamulo la mfumu, ndi anthu amene anaona okha kuti kudikira kumawapindulira. Werengani miyezi imene nsomba zimapuma. Ndi ingati?

Kodi ndiye kuti ku Majete zonse zili bwino tsopano? Zambiri zili bwino. Oyang'anira nkhalangoyi amanena kuti chibwerereni zipembere ndi njovu, palibe ndi imodzi yomwe imene yaphedwa ndi osaka mozembera. Imeneyo ndi nkhani yonyaditsa dziko lonse. Koma anthu ozungulira nkhalangoyi ndi ambirimbiri, ndipo ntchito sizingakwanire onse. Alipo amene sanalandirepo mng'oma. Alipo ana amene akufunabe wowalipirira sukulu. Alipo amayi amene amayenda mtunda wautali kufuna nkhuni, nkhalango ili pomwepa kuseri kwa waya. Ine ndimaona kuti ntchitoyi idzakhala itapsa pokhapokha banja losaukitsitsa la m'mphepete mwa mpanda litalawako phindu lake. Amene adzaimalize mwina ndi inu.

Ife ana tingachitepo chiyani, poti kwathu kulibe njovu? Zambiri! Yambani ndi kufunsa. Madzulo ano khalani pafupi ndi agogo. Afunseni nyama zimene ankaziona ali ana. Lembani mayina ake onse. Kenaka chongani zimene inu munazionapo ndi maso anu. Zatsala zingati zosachonga? Afunseninso kuti zinapita kuti, ndipo chinazithamangitsa n'chiyani. Mudzamva nkhani zimene sizili m'buku lililonse.

Mukufuna kuyesa ntchito ya njovu ija yodzala mitengo? Pezani zitini ziwiri zakale. Boolani pansi pake. M'chimodzi ikani mchenga wokhawokha. M'chinacho ikani dothi losakaniza ndi manyowa a ng'ombe kapena a mbuzi. Dzalani nthangala zitatu za bwemba m'chitini chilichonse, mutaziviika m'madzi usiku umodzi. Thirirani tsiku ndi tsiku. Zikamera, muziyeza ndi rula Loweruka lililonse. Ndi mbande ziti zimene zikukula mwamphamvu pakatha miyezi iwiri? Dzinja likafika, kaokeni pamalo pamene mbuzi sizifika.

Nanga legeni ija ili m'thumba mwanu? Ndaiona! Sabata ino isiyeni m'nyumba. M'malo mwake khalani phee pansi pa mtengo kwa mphindi 10. Werengani mitundu ya mbalame imene ikubwera. Pumbwa, njiwa, timba, mpheta, namzeze: mwaona zingati? Mukapita kosaka mbewa ndi anzanu, musayatse tchire. Moto umodzi umapha tiana ta akalulu, mazira a nkhwali ndi timitengo tongomera kumene. Mukapeza msampha wa waya kuthengo, musaugwire. Kauzeni munthu wamkulu.

Kodi n'zotheka kuti inunso mukaone njovu za ku Majete ndi maso anu? N'zotheka. Ana a sukulu amapitako m'magulu, ndipo ana ambiri a m'midzi yozungulira anaona mkango koyamba paulendo wotere. Sukulu zambiri zili ndi makalabu a zachilengedwe, amene amathandizidwa ndi bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi. Funsani aphunzitsi anu ngati kalabu yotere ilipo pasukulu panu. Ngati palibe, pezani anzanu asanu, mupite limodzi kwa ahedi mukapemphe kuti iyambike. Ndipo mukamaliza kuwerenga mbalame zija ndi kulemba nyama za agogo, munditumizire kalata kuno ku Tsamba la Ana. Musaiwale kulemba kalasi yanu ndi boma limene mukukhala.